Nyimbo Zimene Zinathawa M'foni ya Mayi Gadsden

Mumzinda wa Saginaw, munthu aliyense amene anakulira kummawa kwa mtsinje anakalipiridwako ndi mayi Verlene Gadsden. Anayendetsa basi ya ana asukulu kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitadzaza mutu, diso limodzi pamsewu, lina pagalasi loonera kumbuyo. Mwana akaponya chipepala pansi, basi inkaima pomwepo, ngakhale kunja kukugwa chipale chofewa, mpaka wolakwayo atatola. Atapuma pantchito, mawu awo aja sanapume nawo. Anangowasamutsira ku holo ya bungwe la ogwira ntchito m'mafakitale a galimoto, kumene Lachitatu lililonse masana ankaphunzitsa okalamba anzawo dansi ya awiriawiri, ija yoyenda mwaulemu ngati munthu wasenza madzi pamutu.

Dansiyo anaiphunzira kwa amuna awo, malemu a Otha. Bamboyo ankagwira ntchito kufakitale yosungunula zitsulo, koma Loweruka ankavala suti yobiriwira n'kupita kukaika nyimbo m'maukwati ndi m'maphwando. Zimene anasonkhanitsa pa moyo wawo wonse zinadzaza chipinda chapansi pa nyumba: zimbale zakuda za galamafoni, makaseti, ma CD, moti makina ochapira zovala anachita kuwakankhira pakona. Bokosi lililonse linali ndi zilembo za a Otha, zikuluzikulu zopendekeka.

A Otha atamwalira, mwana wawo wamkazi Sherrelle, amene ndi namwino ku Lansing, anaumirira kuti amayi ake agulitse nyumbayo, asamukire kokhala okalamba kopanda masitepe. Kumeneko kunalibe malo a mabokosi. Sherrelle anatenga foni ya amayi ake, n'kuikamo pulogalamu ya kampani ina yomvetsera nyimbo pa intaneti, ya mtundu uja wolipira mwezi ndi mwezi.

"Amayi, nyimbo zonse za padziko lapansi zili umu," anatero. "Za adadi zonse zilimo, ndi zina zimene iwo sanazimvepo n'komwe."

Mayi Gadsden anali atatopa ndi maliro, ndipo sanatsutse. M'masiku ochepa mabokosi anabalalika. Ena anapita kwa anzawo a malemu, ena kutchalitchi kuti akagulitsidwe pa tsiku la zopereka, ndipo otsala anawanyamula bambo wina wa sitolo ya zimbale zakale.

Poyamba zinayenda bwino, ndipo mayi Gadsden sabisa zimenezo. Ankangolemba dzina la nyimbo, foni n'kuibweretsa nthawi yomweyo. Anasanja nyimbo za Lachitatu monga ankafunira: zodekha poyamba kuti mawondo atenthe, zothamangirako pakati, kenaka yotsekera. Yotsekerayo sinkasintha. Inali ya gulu la a Lucius Bramlett, anyamata a mumzinda momwemo amene anajambula chimbale chimodzi chokha kalekale n'kubalalika. Kunja kwa Saginaw anthu ochepa ankaidziwa, koma m'holomo munalibe munthu amene sanaivinepo pa ukwati wake kapena wa mbale wake.

Kenaka foni inayamba nzeru zake. Inkalowetsa nyimbo zimene palibe anazipempha, ati chifukwa zikufanana ndi zimene mwini foni amakonda. Tsiku lina, anthu ali pakati pa dansi, inalowetsa nyimbo ya pamaliro, ndipo mayi wina amene anali atangoika kumene mchemwali wake anakhala pansi n'kuyamba kusisima. Maina ena pa foni anayamba kutuwa. Dzina lilipo, chithunzi chilipo, koma ukalikhudza kuli zii. Mayi Gadsden ankafika kuholo osadziwa kuti lero yathawa ndi iti.

Chimene chinawapsetsa mtima kwenikweni chinachitika Lachitatu lina la m'dzinja. Anaika nyimbo imene okalamba aja anali ataivina zaka zambiri, dzina lomwelo, chithunzi chomwecho. Koma mawu amene anatuluka sanali akale aja. Woyimbayo anali ataijambulanso atakalamba, ndi ng'oma za makina, yothamangirako, ndipo kampani inangochotsa yakale n'kuikapo yatsopano osauza munthu. Miyendo ya anthu inkadziwa yakale. Atafika pamene nyimbo yakale imaima kaye ngati ikupuma, onse anaima, koma nyimbo inapitirira. Ena anathamangira kuti aipeze, ena anatsalira. A Cleophus Ward, mkulu wometa tsitsi amene sakhala chete, anazungulitsa mnzawo wovina naye, n'kubwerera cham'mbuyo mpaka kugunda tebulo la khofi. Palibe anavulala, kupatula buluku lawo loyera.

"Achemwali," anatero a Cleophus akudzipukuta, "ngati mwaganiza zotipha, muzitiuza, tizibwera titavala masuti abwino."

"Inu chakugwetsani ndi chimimba chanucho. Musanamizire nyimbo."

Anthu anaseka, koma mayi Gadsden atafika kunyumba sanadye. Anafunafuna munthu wa kukampani woti alankhule naye, osampeza. Anangopeza kabokosi kolembamo madandaulo, ndipo makina amene ankayankha anawapepesa mwaulemu kwambiri, n'kuwapatsa nyimbo zina zofanana nayo. Pasanapite nthawi, nyimbo ya a Bramlett nayo inatuwa.

Sherrelle anafotokoza pa foni kuti zimenezi zimachitika. Mwina kakampani kamene kanali ndi nyimboyo kanagulidwa, mwina sanagwirizane, ndipo panalibe chochita. Amayi ake anafunsa kuti nanga mwezi ndi mwezi akhala akulipira chiyani. Sherrelle anati amalipira kumvetsera, osati kukhala nazo.

"Ndiye kuti ndinagwetsa nyumba yanga," anatero mayi Gadsden, "n'kukachita lendi kwa munthu amene amasuntha makoma ndikapita kutchalitchi."

Mawuwo anamulasa Sherrelle, chifukwa amene anakakamiza za nyumba anali iye. Amayi ake anadziwa kuti alankhula mopitirira, koma sanabweze.

Mmawa mwake analiza galimoto yawo yakale n'kuyamba kuyendera anthu amene anawapatsa mabokosi. Akuluakulu amati kupatsa n'kuikiza, koma mayi Gadsden anaona kuti ena ukawaikiza amaiwala. Ena anabweza mokondwa, akuti mabokosiwo ankangowadzazira malo. Mayi wina wa kutchalitchi anali atawotcha zimbale mu uvuni n'kuzipinda kuti zikhale mbale zoikamo maswiti, ndipo anawaonetsa monyadira. Bambo wina anakanitsitsa kuti sanalandire kanthu, mabokosi a zilembo zopendekeka ali kumbuyo kwake akuonekera pakhomo. Mayi Gadsden sanakangane naye. Anangomuuza kuti sanabwere kudzalanda, akufuna kubwereka, ndipo adzabweza zili bwinobwino. Bamboyo anachita manyazi n'kunyamula yekha mabokosiwo kupita nawo kugalimoto. Zosowa ankazifuna Loweruka mmawa, m'makomo mwa anthu amene ayala katundu wakale panja kuti agulitse.

Kusonkhanitsa kunali kophweka. Ntchito yeniyeni inali kulowetsa nyimbozo mu kompyuta, kuti azitha kupita nazo kuholo m'kachikwama. Analembetsa maphunziro a okalamba kulaibulale, n'kukhala mpando wakutsogolo, akufunsa mafunso mpaka mphunzitsi ankachita kuwapempha kuti apatseko ena mpata. Anagula kompyuta ndi galamafoni zogwiritsidwa kale ntchito, ndi chingwe cholumikizira. Ma CD ankalowa msanga. Koma chimbale chakuda sichithamangitsidwa. Chimalowa pa liwiro lake, ndipo munthu ayenera kukhala pomwepo, kumvetsera, kudula pamene nyimbo yathera. Singano ikalumpha, kuyambiranso.

Ndiye kunali maina. Kompyuta inkatcha nyimbo zambiri "yoyamba, ya woyimba wosadziwika." Woyimba mmodzi inkamugawa kukhala anthu atatu chifukwa cha kadontho kamodzi pa dzina lake. Nyimbo imodzi inkapezeka kanayi, ina osaoneka n'komwe pamene anali ataiika dzulo lake. Mayi Gadsden ankakhala patebulo la kukhitchini kuyambira atamwa khofi wammawa, magalasi pamphuno, akulemba ndi zala ziwiri, akuikalipira kompyutayo ngati mwana wa mpando wakumbuyo. Mmawa wina anadina pamene sankayenera kudina, ndipo ntchito ya nyengo yonse yozizira inafufutika. Anadzuka, anakazinga mlamba, anadya ndi buledi wa chimanga, anatsuka mbale, n'kutenga chimbale choyamba m'bokosi loyamba. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse amachisunga m'timabokosi tiwiri tosungiramo za mu kompyuta, kamodzi kwawo, kena kwa a Cleophus, amene amadandaula kuti asandutsidwa nkhokwe.

Sherrelle ankabwera Lamlungu lina lililonse, ndipo zimene ankaona sizinkamusangalatsa. Mabokosi anali atabwereranso, pansi pa bedi, kuseri kwa sofa, m'njira yopita kubafa. Ankati amayi ake adzapunthwa tsiku lina, ndipo akubwerera m'mbuyo pamene dziko likupita patsogolo. Amayi ake ankayankha kuti dziko lipite, iwo adzalipeza. Ankadya chakudya chamasana osayang'anana kwenikweni.

Zinasintha chifukwa cha bokosi la nsapato limene a Cleophus anapeza m'shopu yawo yakale yometera tsitsi. Munali makaseti amene a Otha ankajambula pamaphwando. Mayi Gadsden ankaganiza kuti muli nyimbo zokha. Koma pa kaseti ina, nyimbo itatha, kunamveka phokoso la anthu, kenaka mawu a amuna awo pa maikolofoni, akulengeza kuti amene waimika galimoto yofiira pageti akaichotse. A Otha anaseka, n'kunena kuti, "Verlene, siya kekeyo, bwera tivine." Mayi Gadsden anaimitsa kasetiyo, n'kutuluka kukaima pakhonde. Lamlungu Sherrelle atabwera, amayi ake anangomukhazika pampando n'kuiyatsa. Sherrelle anapempha kuti aibwezenso, kenaka anapemphanso. Ulendo wotsatira anabwera ndi chikwama chodzaza ma CD a bambo ake, amene anawabisa m'kabati mwake nthawi ya msamuko, osauza munthu. Anaika chikwamacho patebulo n'kufunsa kuti angathandize pati. Amayi ake anamupatsa ntchito yopukuta fumbi.

Panatsala chimbale cha a Bramlett. Wa sitolo uja anati anachigulitsa kalekale kwa munthu wa kutsidya la nyanja, ndipo china sanachionenso. Mayi Gadsden anafunsa m'matchalitchi ndi m'malo ometera tsitsi mpaka anamva kuti mwini nyimboyo, a Bramlett, ali moyo, ndipo ndi mkulu wa mpingo wina waung'ono kumpoto kwa mzinda. Anapita komweko.

A Lucius Bramlett anali munthu wamtali, wouma, wovala tayi ngakhale ali pakhomo pawo. Anamvetsera nkhani yonse ataimirira. Kenaka ananena kuti zimenezo anazisiya pamene anatembenuka mtima, kuti nyimboyo inawatengera m'malo amene safuna kuwakumbukira, ndipo atamva kuti yachoka pa intaneti anathokoza Mulungu. Akazi awo, mayi Ernestine, anali kumbuyo kwawo akupinda zovala. Powaperekeza mlendoyo kugalimoto, anamunong'oneza kuti zimbale zimene sizinagulidwe zilipo bokosi lathunthu m'garaja, lachirikiza tebulo la zida.

Mayi Gadsden anabwereranso ndi payi, keke ya mbatata. A Bramlett anadya zidutswa ziwiri, anayamikira, n'kukananso. Pobwerera, mayi Gadsden anadutsa pafupi ndi garajayo, chitseko chili chotsegula, bokosilo likuoneka. Sanaime. Lachitatu anauza gulu kuti munthu ali ndi ufulu wokana nyimbo yake, ndipo asankhe ina yotsekera. Anasankha, koma sinkakoma. Anthu ankavina n'kumatenga majekete nyimbo isanathe.

Kunja kutayamba kufunda, Lachitatu lina, chitseko cha holo chinatseguka dansi ili pakati. Anali mayi Ernestine, atavala chipewa cha kutchalitchi, atakumbatira kanthu m'thumba la pepala. Anadikira nyimbo ithe, n'kupita kutsogolo.

"Nyimboyi anandiyimbira ine, ndisanamulole," anatero. "Mawu ndi ake, koma nyimbo ndi yanga. Ndamuuza kuti ndikubweretsa. Sindinabe."

Mayi Gadsden anafunsa kuti nanga bambo ati chiyani.

"Ali panja m'galimoto. Ine sindiyendetsa."

Chimbalecho chinali chatsopano, chisanakhudzidwepo ndi singano. Mayi Gadsden anachilowetsa mu kompyuta mmawa mwake, ndipo Lachitatu lotsatira anthu anatseka ndi nyimbo yawo. Palibe anatenga jekete isanathe. Mayi Ernestine anakhala wa m'gululo, ndipo zinaoneka kuti miyendo yawo sinaiwale kanthu. Amuna awo ankawabweretsa sabata iliyonse, n'kutsala m'galimoto akuwerenga nyuzipepala.

M'chilimwe holoyo imatentha, ndipo mawindo amatsegulidwa. Tsiku lina mayi Ernestine anabwera ndi uthenga, akuoneka kuti sakufuna kuupereka. Bambo ati nyimboyo ikuthamanga. Osati kwambiri, koma mawu awo akumveka ngati a mnyamata amene sanamere ndevu, ndipo iwo sanayimbe choncho.

Mayi Gadsden anapsa mtima. Anati munthu amene akukana nyimbo yake alibe chonena pa liwiro lake. Koma nkhaniyo inawakhala pamtima, ndipo mapeto ake ananyamula galamafoni ija kupita nayo kwa wokonza. Wokonzayo anaiyesa n'kuwauza kuti mkuluyo akunena zoona. Makinawo ankazungulira mothamanga pang'ono, mwina kuyambira tsiku limene anawagula. Mayi Gadsden anafunsa ngati zikutanthauza kuti chimbale chilichonse chimene analowetsa ndi galamafoniyo chikuthamanga. Wokonzayo anagwedeza mutu kuvomera.

A Cleophus atamva anaseka mpaka kukhosomola.

"Ndiye inunso mwasanduka kampani ija, achemwali. Mumatithamangitsa osatiuza." Ataona nkhope ya mnzawoyo anasiya kuseka, n'kunena kuti azisiye choncho. Gulu lonse lavina miyezi yonseyi, palibe anamva kusiyana.

"Mwini wake wamva," anatero mayi Gadsden.

Anayambiranso. Anabwereranso kwa anthu amene anali atawabwezera zimbale zawo, kukabwerekanso, kuphatikizapo bambo uja wokana, amene ulendo uno anawapatsa mpando ndi tiyi. Choyamba kuchilowetsanso chinali cha a Bramlett. Lachitatu anachiika pomaliza monga mwa nthawi zonse, mawindo ali otsegula. Anthu akutuluka, mayi Gadsden anayenda mpaka pagalimoto ija n'kugogoda pagalasi. A Bramlett anatsitsa galasilo, nyuzipepala ili pamiyendo.

"Bwanji lero, akulu a mpingo?"

Mkuluyo anati liwiro lakhala bwino. Koma wa gitala yaikulu wa m'gulu lawolo amachedwa kulowa pa ndime yachiwiri, ankachedwa masiku onse, ndipo zimenezo palibe wokonza angazikonze.

Mayi Gadsden anati pachimbale sanalembepo maina a oyimbawo, pali dzina la gulu lokha, ndipo iwo sakonda kusiya malo opanda kanthu mu kompyuta yawo. Wa gitalayo anali ndani?

A Bramlett anapinda nyuzipepala. Anatchula dzina la wa gitalayo, n'kunena kuti anafera ku Flint, chaka chimene fakitale inatseka. Anatchula wa ng'oma, amene ali moyo koma saonanso. Anatchula abale awiri a malipenga, ndi mtsikana amene ankayimba kumbuyo, amene amayi ake ankabwera kudzamutenga ndi lamba m'manja. Analankhula nthawi yaitali, moti mayi Ernestine anakhala pabenchi n'kuvula nsapato zovinira, akudikira. Mayi Gadsden anaima padzuwa atatsamira chitseko cha galimoto, akufunsa kalembedwe ka dzina lililonse.

M'holomo a Bramlett sanalowebe mpaka lero. Mayi Gadsden atafika kunyumba tsiku limenelo analemba maina onsewo pansi pa nyimboyo ndi zala zawo ziwiri, anasunga m'kabokosi kawo, n'kuimbira a Cleophus kuti abwere ndi kawo mawa, asaiwale.